Ndinagula Kavalo wa m'Gemu ndi Ndalama za Mwala wa Atate

Abale, zikomo pondipatsa mpata. Dzina langa ndine Limbikani Tembo. Ndikhala ku Chelstone, ndipo ndine kalaliki pa ofesi ina ya inshuwalansi ku Longacres. Ena mwa inu mukumbukila tsiku limene ndinalowa koyamba mu holo ino ya ku Kabwata. A tcheyamani anandifunsa kuti, "Nanga inu chinakugwetsani n'chiyani, kubetcha mpila kapena makina a m'mabala?" Nditayankha kuti ndi gemu ya pa TV, ena kumbuyo uko anaseka. Sindinawasungile kanthu kumtima. Nanenso ndikanaseka. Mwamuna wandevu, wa mkazi ndi ana awili, kugwetsedwa ndi choseweletsa.

Lelo sindinabwele kudzaseketsa munthu. Ndabwela ndi mkwiyo, ndipo mundilole ndilankhule nawo. Mkwiyo wina ndi wa pa ine mwini. Wina ndi wa pa anthu amene sindidzawaona nkhope, amene anakhala pansi m'maofesi awo kutsidya kwa nyanja n'kupangana mmene angadyele munthu ngati ine.

Inu amene munabetcha, ngakhale kunali kupusa, munali ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina tikiti idzalowa. Ine ndinalibe ngakhale chimenecho. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndalama ikalowa mmenemo sibwelanso, ndipo ndinkaiponyabe.

Zinayamba ndi malilo. Atate anga anali dalaivala m'boma mpaka pamene anapuma nchito, ndipo anamwalila mwadzidzidzi kunyumba kwathu ku Chilenje. Titaika malilo, banja linakhala pansi n'kugwilizana kuti pakatha chaka tidzaike mwala pamanda, tidzauvundukule monga mwa mwambo wa mpingo wathu. Anafunsana kuti ndalama azisunga ndani. Amama sanachedwe. Anati, "Limbikani. Samwa, sayendayenda, ndipo nchito yake ndi ya ndalama kale." Palibe anatsutsa. Asisi anga a Naomi, amene ndi nesi ku Ndola, anayamba kutumiza mwezi uliwonse. Amalume a ku Katete anagulitsa nkhumba. Amama ankasoka mayunifomu a ana a sukulu, maso atafooka kale, n'kumandipatsa kangachepe m'manja ndikapita kukawaona. Zonse zinkalowa mu akaunti yanga, pamodzi ndi malipilo anga. Kulakwa kwanga koyamba kunali kumeneko.

Ine malilo a atate sindinawalile bwino. Ndinali wothamangathamanga, wa bokosi, wa basi, wa chakudya cha anthu. Zonse zitatha, ndinkafika kunyumba n'kukhala pampando ngati thumba la makala. Mkazi wanga Mutinta akandilankhula, ndinkangoti "ee." Tsiku lina ndili m'tauni ndinalowa m'sitolo ina, n'kugula makina a gemu ogwilitsidwapo kale nchito. Ndinagulanso gemu imodzi yatsopano. Ndalama zinali zanga, za bonasi, ndipo Mutinta anati, "Ngati chizakuthandizani, gulani."

Mumvetse bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Sinali gemu ya ulele ya pa foni, ija imene munthu amadziwa kuti eni ake adzadyela penapake. Ndinalipila mtengo wonse, wa madola, ndalama imene Mutinta akanagula nayo zakudya za masabata angapo. Ndipo inali gemu ya munthu mmodzi. Palibe mnzako wopikisana naye, palibe amene akukuona. Uli wekha ndi nkhani yake, ya msilikali amene abwelela kwawo n'kupeza mudzi atautentha, ndiye ayamba kufunafuna amene anachita zimenezo. Ndinaganiza kuti ndagula chinthu chathunthu, ngati mmene ugulila njinga n'kupita nayo.

Masabata oyamba inali yokoma, sindinama. Ndinkaiwala. Kenako ndinafika pa mzinda wina wa m'gemumo, ndipo chipata chinakana kutseguka. Akuti msilikali wanga ndi wofooka, akwele kaye mphamvu. Kuti akwele, ndinafunika kuchita tinchito tobwelezabweleza, kupha mimbulu yomweyomweyo, kunyamula katundu kuchoka phili ili kupita phili ilo, maola ndi maola. Ndipo nthawi iliyonse ndikaimitsa gemu, pakona pa sikilini pankawala kachizindikilo ka sitolo. Sitolo m'kati mwa chinthu chimene ndagula kale. Mmenemo ankagulitsa mankhwala okwezela mphamvu msanga, malupanga, zovala, akavalo othamanga.

Inali nthawi ija malaiti ankabwela maola owelengeka patsiku. Ndaweluka ku nchito, ndalimbana ndi minibasi, ndafika, malaiti alipo pang'ono, ndiye ndithe nthawi imeneyo ndikupha mimbulu? Ndinati ndigule kamodzi kokha. Ndinalowetsa nambala ya khadi langa la ku banki. Makina anafunsa ngati aisunge kuti ndisamavutike. Ndinavomela.

Kuyambila pamenepo sindinaonenso kwacha. Eni gemu sagulitsa ndi kwacha, ngakhale ndi dola. Umagula kaye golide wawo, ndiye golideyo n'kugulila zinthu. Ukamaona kuti lupanga ndi golide wakutiwakuti, mutu suwelenga kuti ameneyo ndi thumba la unga. Ndipo mitolo ya golide anaikonza mwadala kuti isakwanilane ndi mitengo. Ukagula mtolo waung'ono, upelewela pang'ono. Ukagula waukulu, utsala ndi wina amene sagula kanthu, ndiye umva kuwawa kumusiya, uonjezela. Mankhwala okwezela mphamvu aja anali a maola, ndipo maolawo ankayendabe ngakhale makina atazima. Ndinkagula, malaiti n'kupita, pobwela mankhwala atha. Ndinkatukwana a malaiti, n'kugulanso.

Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatelo akulu. Dzenje nalonso limakumbika motelo. Malipilo anayamba kutha mwezi usanafike pakati. Ndinayamba kukhudza za mwala, ndikudziuza kuti ndabweleka, ndidzabweza pa mapeto a mwezi. Pa mapeto a mwezi ndinkabweza theka, n'kutenganso zoposa. Kuti Mutinta asaone kuti lendi yachedwa, ndinatenga loni ya pa foni. Kuti ndibweze imeneyo, ndinatenga ina. Kenako ndinapita kwa munthu wa kaloba, uja wokongoza ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu, amene amakhala pafupi ndi ofesi yathu, ndipo inu nonse mudziwa mmene kaloba amabelekela.

Pa nchito ndili ndi mnzanga, Chanda, amene amasewela magemu kuyambila ali mwana. Tinkadyela limodzi masana, ndipo tinkakangana za nkhani yomweyi. Iye ankadana nazo zogulitsa za m'kati mwa gemu. Ine, amene zinkandidya, ndine ndinkaziikila kumbuyo.

Tsiku lina anati, "Mudala, uganize bwino. Wagula nyumba, walipila zonse, bakupasa makiyi. Manje ufuna kungena ku bedilumu, wapeza munthu aimilila pa chitseko, akuti lipila. Iwe ungavomele?"

Ndinati, "Palibe amene akukakamiza. Ufuna, ugula. Sufuna, usiya. Anthu amene anapanga gemu nawonso afunika kudya."

"Banadya kale pamene unagula. Ndiye chifukwa ni yodula."

"Ine ndigwila nchito, nthawi ndilibe. Ndigula nthawi. Ndalama ndi zanga."

Chanda anaika foloko pansi. Anati, "Nthawi yamene ugula, ni bamene abo banakubela poyamba. Bakumba mugodi pa njila, manje bakugulisa thabwa yowolokela."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti ndi nsanje ya munthu wosauka. Ndinanena mawu amenewo ndili ndi uthenga wa munthu wa kaloba m'thumba, umene ndinali ndisanauyankhe.

Amama akafunsa za mwala, ndinkati zili bwino. Tsiku litayandikila ndinawauza bodza lalikulu, lakuti ndalipila kale theka kwa a Sakala, amene amasema miyala m'mbali mwa msewu wopita kumanda. Ndinkaganiza kuti ndidzapeza loni ina yaikulu n'kutseka dzenje lonse munthu asanadziwe. Ku banki anandikana.

Loweluka lina m'mawa foni inalila. Amama. Anati, "Ndili pa siteshoni. Bwela undipelekeze kwa a Sakala, ndikaone mwala ndi maso anga, ndiwauzenso mawu olemba."

Ndikanatha kunama kuti ndadwala. Ndinayesa kutsegula pakamwa, bodza silinatuluke. Ndinavala n'kupita.

Mu minibasi amama anali osangalala. Anavala chitenge cha chigwilizano cha amai a mpingo, ndipo njila yonse ankandiuza za anthu amene adzabwela, kuti amalume asungitsa kale malo pa basi, kuti kwaya yavomela, kuti a Naomi apempha tchuthi. Ine ndinkangoyang'ana pawindo.

Pa bwalo la a Sakala panali fumbi loyela ndi phokoso la makina odulila miyala. Miyala inali itatsamila pa mpanda, yakuda, yotuwa, ina yolembedwa kale maina a anthu. Amama anayenda pakati pake pang'onopang'ono, akuisisita ndi dzanja. Anaima pa wina wakuda, wosanyada, n'kunena kuti, "Atate ako sankakonda zonyezimila. Ngati uwu." A Sakala anazimitsa makina, anapukuta manja, n'kubwela kudzatipatsa moni.

Amama anati, "Ndife a kwa Tembo. Mwana wangayu analipila kale theka. Tabwela kudzaona pamene mwafika."

A Sakala anandiyang'ana. Anayang'ananso amama. Anati, "Tembo wa kuti, amai?"

"Wa ku Chilenje. Malemu a Yohane Tembo."

"Pepani, amai. Ine bambo awa ndi koyamba kuwaona."

Amama anaseka pang'ono, ngati munthu amene waona kuti pali kusamvana kwakung'ono. Anatembenukila kwa ine kuti ndikonze. Ine ndinali nditayang'ana nsapato zanga. Ndinangomva a Sakala akuchoka mwakachetechete, kutisiya awili.

Amama anati, "Zilipo zingati?"

Ndinati, "Palibe, amama."

"Palibe theka, kapena palibe?"

"Palibe."

Sanakuwe. Amama anaphunzitsa sukulu ya pulaimale zaka zambili, ndipo akakwiya mawu awo amatsika. Anati, "Ndi mkazi wina?"

"Iyai."

"Wayamba mowa?"

"Iyai."

"Wabetcha?"

"Iyai, amama."

"Ndiye wagula chinthu. Tiye ukandionetse."

Ndinayesa kufotokoza pomwepo, koma anakweza dzanja. Tinakwela minibasi ziwili mpaka ku Chelstone. Ndinkapemphela mumtima kuti tikapeze malaiti kulibe. Tinapeza alipo.

Mutinta anali kuchapa panja. Ataona nkhope ya apongozi ake, anatumiza ana kwa aneba n'kulowa nafe. Amama anakhala pampando, chikwama pamiyendo. Ndinayatsa TV, ndinayatsa makina. Nyimbo ya gemu inayamba, ija imene ndinkaikonda. Msilikali wanga anaonekela atavala zagolide kuyambila kumutu mpaka kumapazi, atakwela kavalo woyela wa nthenga pamutu. Kavalo ameneyo ndinamugula sabata imene amalume anatumiza ndalama za nkhumba.

Amama anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati, "Ndi ameneyu?"

"Ndi zina zambili. Malupanga, zovala."

"Chabwino. Mugulitse kavaloyo, tipeze ngakhale theka."

"Sagulitsika, amama."

"Mubweze kumene unamugula."

"Salandila."

"Ungapatse munthu wina? Mwana wako angamutenge?"

"Iyai. Amakhala mmenemo basi."

Anavula magalasi n'kuwapinda. Anati, "Chinthu chimene sungagulitse, sungabweze, sungapatse mwana wako. Ndiye ndi cha ndani?"

Abale, ine ndimagwila nchito ya mapepala a katundu wa anthu. Tsiku lililonse ndimafunsa anthu kuti galimoto iyi mwini wake ndani, nyumba iyi mwini wake ndani. Funso limenelo ndinali ndisanadzifunsepo. Ndinayankha kuti, "Ndi cha eni gemu."

"Ndiye atate ako agona pa dothi lopanda dzina kuti iwe ubweleke kavalo wa chithunzi."

Mutinta anali ataimilila pa chitseko, thovu la sopo likuuma m'manja. Anafunsa funso limodzi lokha. "Na lendi ya mwezi watha, munalipila?" Ndinapukusa mutu. Analowa kuchipinda n'kutseka.

Amama anatulutsa foni yawo n'kuiika patebulo. Anati, "Ine sindikunyamulila manyazi ako. Uimbile mlongo wako. Ukatha, uimbile amalume ako. Ndi pakamwa pako, ine ndili pompano."

Ndinapempha kuti ndiimbe mawa. Anati, "Mawa unalidya kale."

Asisi a Naomi anamvetsela mpaka ndinamaliza. Anati, "Limbikani, ine ndinkagwila mashifiti owonjezela, miyendo kutupa, kuti nditumize ndalama zija." Anadula. Amalume sanamvetse n'komwe kuti gemu n'chiyani. Anafunsa kawili ngati kavaloyo ali ku Lusaka kapena ku famu. Nditawafotokozela kachitatu, anati, "Mphwanga, nkhumba zija zinali za feteleza." Mawu amenewo amandibwelelabe.

Mwambo unalepheleka. Amama anaimilila okha pamaso pa amai a chigwilizano n'kunena kuti tsiku lasintha. Sananene chifukwa, koma ku Chilenje nkhani siyenda ndi minibasi, imafika yokha.

Lolemba ndinauza Chanda zonse. Ndinali nditapsa mtima, ndikutukwana eni gemu, kuti ndi mbava, ndi afiti, andidyela banja. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinakuuza. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unatha, ndiye anati, "Ni mbava, nivomela. Nakhala nikukamba. Koma mudala, beve sibanazibe kuti mu akaunti yako muli mwala wa ba tate bako. Unaziba ni iwe."

Ndinafuna kumumenya. Sindinamulankhule masiku angapo. Koma ananena zoona, ndipo ndi pa mawu amenewo pamene ndinayambila kubwelela. Msampha anatchela ndi iwo. Dzanja limene linatenga ndalama za amama linali langa. Ndikanena chimodzi n'kusiya chinacho, ndanama.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, mwina zingathandize wina.

Makina ndinagulitsa sabata yomweyo, motchipa, kwa munthu wa ku Northmead. Ena amati ukhoza kusunga makina n'kungodziletsa. Mwina inu. Ine ndinadziyesa ndipo ndinadziona. Ndisanagulitse ndinachotsa khadi, ndipo ndinapita ku banki kukatseketsa kugula kwa pa intaneti. Mtsikana wa pa kauntala anandifunsa ngati khadi labedwa. Ndinati, "Wakuba ndi ine ndemwe, tsekani."

Ndinakhala pansi ndi Mutinta n'kumuuza ngongole zonse, ngakhale ya kaloba imene ndinkafuna kubisa. Sanandikhululukile tsiku limenelo, ndipo sindinamupemphe kuti afulumile. Malipilo anga anayamba kulowa mu akaunti imene iye amaona. Ine ndinkalandila ya minibasi. Masana ndinkadya zimene wandiikila m'kabokosi, anzanga akupita ku malesitilanti. Tinayamba ndi kaloba chifukwa ndi amene amakula msanga, kenako maloni a pa foni. Loweluka ndinkathandiza sitolo ina ya zitsulo ku Kamwala kukonza mabuku awo, ndipo ndalama imeneyo sinkadutsa m'manja mwanga. Mwini sitolo ankaitumiza kwa a Sakala mwachindunji. Ndinapempha ndekha kuti zikhale choncho.

China chimene sindinkayembekeza n'chakuti makina atachoka, chisoni cha atate chinandipeza. Chinali chikundidikila nthawi yonseyo. Ndinkafika kunyumba, palibe pothawila. Tsiku lina ndinapita ndekha kumanda, ndinakhala pambali pa mulu wa dothi uja, kachitsulo ka nambala katachita dzimbili, ndipo ndinalila mmene ndinayenela kulilila pa malilo. Pambuyo pake m'bale wina wa mumpingo anandilozela gulu lino.

Ndiye mvelani chimene chinautsanso mkwiyo wanga, chifukwa chake ndaimilila pano lelo. Patapita miyezi, Chanda anabwela pa desiki yanga ndi foni m'manja. Anati, "Ona ichi, koma usaphwanye foni yanga." Eni gemu ija anali atalengeza kuti amva madandaulo a anthu. Sitolo ya m'kati aichotsa. Chipata chija chimene chinkakana kutseguka, achifewetsa, munthu azidutsa popanda kupha mimbulu maola onse aja. Akavalo ndi malupanga, aliyense azizipeza mwaulele posewela. Analemba kuti tsopano gemu idzakoma mmene inayenela kukomela.

Mmene inayenela kukomela. Ndiye kuti ankadziwa. Kuchedwa kuja sikunali nkhani ya msilikali, kunali kwa dala. Anaipanga yotopetsa kuti agulitse mankhwala a kutopako, ndipo atakolola mokwanila, anakonza ndi dzanja limodzi n'kuyembekeza kuti tiwaombele m'manja. Za kubweza ndalama sanatchule ngakhale liwu limodzi.

Mpaka lelo ndimakumana ndi anthu amene amalankhula mmene ndinkalankhulila ine. Akuti palibe amene akukakamiza. Akuti ine ndinamaliza gemu yonse osalipila kanthu. Zikomo, munamaliza. Simunali inu amene ankakufunani. Msodzi sadandaula ndi nsomba zimene zadutsa, amawelenga zimene zakodwa. Ankafuna munthu wotopa, wa malipilo a pamwezi, wa khadi m'thumba, amene mumtima mwake muli chinthu chimene akuthawa. Anthu otelo tilipo ambili, ndipo iwo amadziwa. Akuti opanga gemu afunika kudya. Adye. Aike mtengo wawo poyela, ngakhale ukwele, ndione ndi maso, ndisankhe kugula kapena kusiya, ngati mmene a Sakala amanenela mtengo wa mwala. Koma usandigulitse chinthu n'kubisamo dzanja lako kuti lizindipisa m'thumba ndili m'nyumba mwanga. Kumeneko si kugulitsa. Ndipo golide wabodza uja, wobisa mtengo weniweni, munthu woona mtima amufunilanji?

Mwala tinaika, mochedwa ndi chaka chathunthu. Anthu anabwela ochepa kuposa amene akanabwela poyamba. Amalume anafika, ndipo ndinawabwezela ndalama za feteleza pamaso pa amama, ngakhale kuti nyengo imene anakolola pang'ono sindingaibweze. Amama atachotsa nsalu pa mwala, anawelenga dzina la atate mokweza, n'kukhala pansi. Pobwelela anandipatsa chikwama chawo kuti ndiwanyamulile.

Asisi a Naomi amandiyankha moni, koma pamathela pomwepo. Mwezi watha msuweni wathu anamwalila ku Chipata, ndipo banja linasonkha ndalama. Asisi analemba pa gulu la banja la pa foni kuti zonse zitumizidwe kwa Mutinta. Dzina langa sanalitchule. Zinandiwawa, koma sanalakwe. Chikhulupililo sichili m'sitolo iliyonse, ndipo sindidziwa ngati chidzabwelela chonse.

Ndikuona achinyamata pano, ndipo ndikuona azibambo amene ana awo ali ndi makina amenewa kunyumba. Mwina wina wakhala akudziuza kuti zake n'zazing'ono, si kubetcha, ndi gemu chabe. Sindikuuzani kuti kusewela ndi tchimo. Chanda amasewelabe, ndipo alibe ngongole ndi munthu. Ndikufunsani zinthu ziwili. Kodi mudziwa, mu kwacha, zimene mwaponyamo miyezi itatu yapitayi? Ndipo kodi mungauze mkazi wanu kapena amai anu nambala imeneyo lelo, osachotsako? Ngati mtima wagunda pa funso lachiwili, muli pamene ndinali ine.

Musadikile kuti mufike kunyumba, chifukwa panjila mudzapeza chifukwa chosinthila maganizo. Ambili a inu khadi munalisunga pa akaunti imene mungatsegule pa foni yomwe ili m'thumba mwanuyo. A tcheyamani, ndipempha kuti nyimbo yotsekela iyambe yadikila pang'ono. Tulutsani mafoni, abale, muchotse makhadi anu. Amene sadziwa pochotsela khadi akweze dzanja, ndibwela pamene mwakhalapo.